Mpikisano wa Mbedza pa Nyanja Youndana ku England

M'dziko la England, kuyambira mwezi wa Disembala mpaka Febuluwale, pamene masiku ena dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo ndiponso madzi a m'maiwe ndi m'nyanja zing'onozing'ono amaundana usiku n'kusanduka ayezi, mipikisano yowedza nsomba siiima, ndipo kumapeto kwa sabata iliyonse anthu ambirimbiri amakhala pansi m'mbali mwa madzi kwa maola asanu, akulimbirana nsomba zimene pamapeto pake amazibwezera m'madzi zili zamoyo. Kwa munthu amene anakulira kumene mbedza imaponyedwa kuti pakhomo papezeke ndiwo, zimenezi zingaoneke ngati kudzizunza kopanda phindu, koma amene amawadziwa masewerawa amaona kuti nyengo yachisanu ndi imene imasiyanitsa wowedza wodziwa madzi ndi wowedza wongodalira kuchuluka kwa nsomba, chifukwa nsomba zikasiya kudya, chimene chimatsala ndi nzeru za munthu, kudekha kwake, ndi mwayi wa malo amene wagwera.

Masewerawa amatchedwa coarse fishing, dzina limene limatanthauza kuwedza nsomba za m'madzi opanda mchere kupatulapo salmon ndi trout. Kusiyanitsa kumeneku kunachokera ku kusiyana kwa anthu pa chuma, pakuti m'zaka za m'ma 1800 mitsinje ya salmon ndi trout inali m'manja mwa eni malo olemera, pamene ogwira ntchito m'mafakitale a m'mizinda monga Sheffield ndi Birmingham ankawedza nsomba zotsalazo, monga roach, perch, bream, tench, carp ndi pike, m'ngalande zoyendamo maboti ndi m'mitsinje imene ankaifikira pa sitima yapamtunda pa tsiku lawo lopuma. Anthu amenewa ankasonkhana m'magulu, ankasonkherana ndalama zoti wopambana atenge, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhazikitsa malamulo. Chaka cha 1878 nyumba ya malamulo inaika nyengo yoletsa kuwedza nsombazi pamene zikuswana, ndipo mpaka lero m'mitsinje ya ku England anthu saloledwa kuziwedza kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni. Bungwe la National Federation of Anglers linayamba mu 1903 n'kuchititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse pa mtsinje wa Thames mu 1906, ndipo ntchito yake inalowa m'manja mwa bungwe la Angling Trust mu 2009. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mipikisano yambiri inasamukira ku nyanja zokumba za anthu amalonda, amene amathiramo nsomba zochuluka n'kumalipiritsa wowedza aliyense, ndipo chifukwa chakuti mitsinje imasefukira kawirikawiri m'nyengo yachisanu, nyanja zoterezi ndi zimene zimalandira mipikisano yochuluka ya miyezi imeneyi.

Dongosolo la mpikisano ndi losavuta kulimvetsa. Gombe limagawidwa m'malo okhala ndi manambala, otchedwa peg chifukwa kale ankakhomapo chikhomo, ndipo m'mawa aliyense amapisa dzanja m'thumba n'kutola nambala mwa maere, kotero kuti palibe amene amasankha malo ake kapena kusamuka pamalopo mpikisano uli mkati. Wezulo ikalira, onse amayamba nthawi imodzi. Nsomba iliyonse yogwidwa imaikidwa mu ukonde wautali wonga thumba umene umamira m'madzi. Ndipo wezulo yachiwiri ikalira, oyeza amayenda ndi sikelo malo ndi malo, kulemba kulemera kwa nsomba za munthu aliyense, n'kuzibwezera m'nyanja. Kulemerako kumawerengedwa kawirikawiri m'mapaundi ndi maaunzi, paundi imodzi ikukhala magalamu 454 ndipo aunzi imodzi magalamu 28. M'chilimwe, pa nyanja zamalonda, wopambana angapitirire makilogalamu 50, koma pa tsiku la ayezi, pa nyanja yomweyo, munthu angapambane ndi tinsomba tosakwana kilogalamu imodzi, anzake ambiri atabwerera ukonde uli gwa.

Chimene chimachititsa kusiyana kwakukulu chotere chili m'khalidwe la madzi ndi m'thupi la nsomba. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akafika pa madigiri 4, ndipo akazizira kupitirira pamenepo amayamba kupepuka, mwakuti madzi ozizira koposa amakhala pamwamba n'kuundana, pamene madzi a madigiri 4 amatsikira pansi; n'chifukwa chake nyanja imaundana kuyambira pamwamba, ndipo nsomba zimakhalabe ndi moyo kunsi kwa ayezi. Nsomba ilibe mphamvu yotenthetsa thupi lake monga mmene munthu kapena mbuzi imachitira, choncho thupi lake limazizira mofanana ndi madzi, ndipo akatswiri amawerengera kuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, liwiro la ntchito za m'thupi monga kugaya chakudya limatsika pafupifupi ndi theka. Alimi a nsomba za m'madamu ku Malawi amachiona chimenechi m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene makumba amachepetsa kudya ndi kukula ngakhale madzi ake ali kutali ndi kuundana. Pa madigiri 3 kapena 4, nsomba ya carp yolemera makilogalamu awiri ingathe kukhala masiku angapo osadya kanthu, ndipo ikafuna kudya, kachidutswa kamodzi kamaikwanira.

Pali zinthu zina ziwiri zimene kuzizira kumabweretsa, ndipo zonsezo zimamuvutitsa wowedza. Choyamba n'chakuti madzi amayera mbee, chifukwa ndere zazing'ono zimene zimawadetsa m'chilimwe zimafa, komanso nsomba zimasiya kuvundula matope a pansi, motero nsomba imaona chingwe, mthunzi wa ndodo ndi munthu amene wayenda pagombe. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, n'chakuti nsomba zimaunjikana malo amodzi, kaya m'chigwembe chakuya, kaya pansi pa mabango ouma kapena pafupi ndi mitengo yogwera m'madzi, ndipo mbali yotsala ya nyanja imakhala ngati mulibe chamoyo. Owedza odziwa amanenanso kuti nsomba zimadana kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi kuposa kuzizira kwenikweniko, mwakuti tsiku loyamba la chisanu choopsa limakhala loipa kuposa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, pamene nsomba zazolowera, ndipo tsiku limene ayezi akusungunuka, madzi ake ozizira akusakanikirana ndi a pansi, nthawi zambiri limakhala loipitsitsa.

Nyanja ikaundana, ntchito yoyamba ya wopikisana ndi kudzitsegulira malo. Amagwiritsa ntchito chitsulo cholemera makilogalamu angapo chomangiriridwa ku tcheni, tchenicho n'kumangiriridwa ku chingwe cholimba. Amachiponya pa ayezi kuti chiboole, kenaka amakoka chingwecho mobwerezabwereza kuti tcheni chizicheka ayezi kubwera kugombe. Akacheka mizere iwiri, zibenthu zapakati amazikankhira kunsi kwa ayezi wa m'mbali kapena kuzivuula ndi ukonde wokhala ndi mpini, mpaka patatseguka kanjira ka madzi kotalika mamita angapo koma kopapatiza. Ntchitoyi imatha kudya theka la ola kapena kupitirira, ndipo ili ndi msampha wake, chifukwa munthu amatuluka thukuta mkati mwa zovala zochindikala, ndiye akakhala pansi osayendayenda, thukuta lija limazizira n'kuyamba kumuchotsa kutentha m'thupi. N'chifukwa chake ozolowera amavula jekete asanayambe kuswa ayezi. Pamafunikanso kusankha mwanzeru kutalika kwa kanjirako, pakuti phokoso la chitsulo limathamangitsa nsomba, koma nsombazo zimakonda kubisala kunsi kwa ayezi wotsala ngati denga, kotero kuti nyambo yoikidwa m'mphepete mwenimweni mwa ayezi ndi imene kawirikawiri imadyedwa. Mphepo ikakhala kulibe, kanjirako kamayambanso kuundana mpikisano uli mkati, ndipo wowedza amayenera kumachotsa kayezi kopyapyala mwakachetechete.

Chida chachikulu pa tsiku lotere ndi ndodo yaitali yolumikiza zigawozigawo, yopangidwa ndi ulusi wa carbon, imene ingafike mamita 16 ngakhale malamulo a mipikisano ya mayiko amalekeza pa mamita 13. Ndodoyi ilibe chokulungira chingwe; kunsonga kwake kuli mphira wotamuka amene amafewetsa kukoka kwa nsomba, ndipo ubwino wake ndi wakuti imatsitsa nyambo pamalo enieni amene munthu akufuna, popanda kuponya ndi kuvundula madzi. Chingwe chimene amamangirira mbedza chimakhala chopyapyala pafupifupi ngati tsitsi, mamilimita 0.07 kapena 0.08, ndipo mbedza zake ndi za nambala 20, 22 kapena 24, pamene nambala ikakula mbedza imachepa. Kachizindikiro koyandama, kamene kamasonyeza kuti nsomba yagwira nyambo, kamalemetsedwa ndi timiyala tating'onoting'ono topanidwa pa chingwe mpaka kangotsala kansonga ngati kadontho pamwamba pa madzi, chifukwa nsomba yozizidwa sithawa ndi nyambo koma imangoiyamwa ili chiimire, ndipo kachizindikiroko kamangomira mwina mamilimita awiri okha. Timiyala timeneti kale tinali ta mtovu, koma mu 1987 boma linaletsa mtovu wa kulemera kwa pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 pambuyo poona kuti mbalame zikuluzikulu za m'madzi zotchedwa swan zinkafa zikaumeza. Asanayambe, wowedza amayeza kuya kwa madzi ndi kachitsulo kolendewera ku mbedza, kufunafuna pamene pansi patsika ngakhale ndi masentimita 10 okha, pakuti kusiyana kochepa kotereko kungakhale kumene nsomba zagona.

Komabe pamene pagona luso lenileni la nyengoyi ndi pa kadyetsedwe ka nsomba, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluzira mpikisano ola loyamba lisanathe. M'chilimwe wopikisana amathira nyambo yambiri kuti aitane nsomba ndi kuzipikisanitsa, koma m'madzi a madigiri 4 nyambo yodzaza dzanja ikhoza kukhutitsa nsomba zonse za pamalopo, ndipo zikakhuta sizidzayang'ananso mbedza tsiku limenelo. Lamulo limene owedza amaphunzitsana ndi lakuti chimene wathira m'madzi sungachitolenso, choncho munthu amayamba ndi mphutsi zinayi kapena zisanu zokha, zothiridwa ndi kakapu komangiriridwa kunsonga kwa ndodo, n'kudikira kuti aone ngati pali chamoyo chimene chayankha asanawonjezere. Mphutsi zimenezi zimawetedwa mwadala n'kugulitsidwa m'masitolo, ndipo pali zazikulu, pali zazing'ono zotchedwa pinkie, palinso zimene zauma khungu pokonzekera kusanduka ntchentche, zotchedwa caster. Mphutsi ikazizira imauma n'kusiya kugwedezeka, ndiye wowedza amasunga zochepa m'kachitini m'thumba la malaya amkati kuti zikhale zofunda, popeza kugwedezeka kwake ndi kumene kumakopa nsomba ya perch. M'madzi oyera kwambiri ambiri amadalira buledi, amene amamudula ndi kachitsulo kozungulira kukhala timibulu ta mamilimita atatu kapena anayi, chifukwa kuyera kwake kumaonekera patali ndipo amafewa msanga m'kamwa mwa roach. Nyambo imene imagwira ntchito pamene zina zonse zakanika ndi tinyongolotsi tofiira totchedwa bloodworm pamodzi ndi tinzake tating'ono totchedwa joker, timene ndi ana a tizilombo touluka tonga udzudzu koma tosaluma, ndipo timakhala m'matope a pansi pa madzi. Popeza ndi chakudya chachilengedwe cha nsomba, timagwira ngakhale pa tsiku loipitsitsa, koma ndi todula ndiponso tovuta kupeza, ndipo n'chifukwa chake mipikisano yambiri ya m'magulu imatiletsa kuti olemera asapondereze anzawo. Chiletso chimenechi chili ndi chilungamo chake, ngakhale chimalepheretsa achinyamata kuphunzira luso limene limafunika m'mipikisano ya dziko lonse lapansi, kumene Bob Nudd anapambana kanayi ndipo Alan Scotthorne kasanu.

Si nsomba zonse zimene zimagonja ku chisanu mofanana. Roach, perch ndi pike zimapitiriza kudya pang'onopang'ono, tench imangogona m'matope, pamene carp imaunjikana m'magulu amene nthawi zina amayandama pakati pa madzi m'malo mokhala pansi. Eni nyanja zamalonda, pofuna kuti makasitomala asamabwerere chimanjamanja, amathiramo nsomba yotchedwa F1, imene ndi mwana wobadwa pophatikiza carp wamba ndi mbale wake wotchedwa crucian carp, ndipo imadziwika ndi kudya ngakhale madzi atazizira. Pofuna carp, njira imene yafala ndi yosathira nyambo n'komwe: wowedza amakoleka kabuledi kamodzi kapena njere imodzi ya chimanga chotsekemera, n'kumakatsitsa malo osiyanasiyana ndi pa kuya kosiyanasiyana, mphindi zingapo pano, mphindi zingapo apo, mpaka chingwe chitagwedezeka pokhudzana ndi thupi la nsomba, chimene ndi chizindikiro chakuti gulu lapezeka. Pamenepo wopikisana amakhala ndi chisankho chovuta, chakuti kaya atole tinsomba ta magalamu 30 kamodzikamodzi tsiku lonse, kapena adikire carp imodzi imene ingaposa tinsomba 60 koma imene mwina siibwera. Nthawi zambiri yankho limapezeka mu ola lomaliza, pamene kuwala kukuchepa ndipo nsomba zazikulu zimalimba mtima, ndipo amene anasunga malo amodzi osawasokoneza tsiku lonse ndi amene amakolola pa nthawi imeneyo.

Otsutsa amanena kuti mpikisano wa m'nyengoyi ndi juga chabe, chifukwa amene watola nambala ya pamene nsomba zaunjikana amapambana ngakhale atakhala wophunzira kumene, ndipo mawuwa ali ndi choonadi chimene sichiyenera kubisidwa, pakuti palibe luso limene lingatulutse nsomba pamalo pamene palibe. Okonza mipikisano anachepetsa vutoli pogawa gombe m'zigawo za anthu ochepa oyandikana, kuti munthu azipikisana ndi amene ali m'madzi ofanana ndi ake. M'mipikisano ya matimu, monga Winter League imene imayendetsedwa ndi Angling Trust, timu iliyonse imaika munthu mmodzi m'chigawo chilichonse, ndipo mapointi amaperekedwa malinga ndi malo amene munthuyo wathera m'chigawo chake, osati kulemera konse kwa nsomba. Pa dongosolo limeneli, munthu amene wagwera malo oipa n'kukwanitsa kugwira kansomba kamodzi ka aunzi imodzi pamene oyandikana naye sanagwire kanthu amathandiza timu yake mofanana ndi amene wadzaza ukonde kumalo abwino. Mwayi ungalamulire tsiku limodzi, koma mipikisano ikachitika kangapo m'nyengo yonse, mayina omwewo ndi amene amabwerezabwereza pamwamba, ndipo chimenechi ndi umboni wokwanira wakuti kudziwa madzi kumaposa maere.

Chisanu chimafunanso kuti thupi la munthu ndi la nsomba lisamalidwe. Kukhala maola asanu osasuntha mumphepo ya pansi pa madigiri 0 kumachititsa zala kuuma mpaka kulephera kukoleka mphutsi, madzi amaundana pa chingwe ndi pa mphira wa ndodo, ndipo munthu wosavala zovala zosanjikiza bwino, wosadya ndi wosamwa chofunda, angathe kuzizidwa mpaka kusokonezeka maganizo, limene ndi vuto loopsa lofunika chipatala. Mowa suthandiza, ngakhale umachititsa munthu kumva ngati wafundidwa, chifukwa umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha mofulumira. Nsomba nayo siyenera kugonekedwa pa nthaka youma ndi chisanu kapena kugwiridwa ndi manja ouma, popeza utelezi wa pakhungu pake ndi umene umaiteteza ku matenda, ndipo nyanja zambiri zamalonda zimalamula mbedza zopanda ngowe yobwerera m'mbuyo kuti zisang'ambe kamwa. Ngozi yaikulu kwa nsomba imabwera ayezi akakhalitsa milungu ingapo, makamaka chipale chofewa chikagwera pamwamba pake n'kutchinga kuwala, chifukwa zomera za m'madzi zimaleka kutulutsa okosijeni pamene zinyalala zowola pansi zikupitiriza kumudya. M'nyengo zoopsa monga ya 1962 mpaka 1963, kapenanso Disembala wa 2010, maiwe osaya anataya nsomba mwa njira imeneyi, ndipo lero eni nyanja ambiri amayatsa makina ovundula madzi kuti mbali ina isaundane.

Masewerawa sayenera kusokonezedwa ndi kuwedza kwa pa ayezi kwa ku Finland, Russia kapena Canada, kumene ayezi amachindikala mokwanira kunyamula anthu, ndipo owedza amayenda pamwamba pake n'kuboola mabowo. Ku England kuzizira kumabwera n'kumapita, ayezi amakhala wopyapyala ndi wosadalirika, ndipo palibe mpikisano umene umalola munthu kupondapo. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira atagwera m'madzi ayezi atasweka pa nyanja ya Babbs Mill ku Solihull, pafupi ndi Birmingham. Munthu akagwera m'madzi ozizira chotere, thupi limadzidzimuka n'kukoka mpweya mosalamulirika, ndipo ngakhale wodziwa kusambira angamire m'mphindi zoyambirira. Mabanja a Amalawi ndi a ku Zambia amene akukhala ku Britain, amene ana awo mwina akuona nyanja youndana koyamba, ayenera kuwachenjeza anawo kuti asapondepo ngakhale phazi limodzi, ndipo wina akagweramo, aimbe foni pa nambala ya 999 m'malo momulondola. Amene akufuna kuyamba kuwedza adziwenso kuti aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo amafunika laisensi ya bungwe la Environment Agency pamodzi ndi chilolezo cha mwini madzi, kuti kuwedza popanda laisensi kungabweretse chindapusa chofika £2,500, ndiponso kuti kutenga nsomba ya m'nyanja ya munthu kupita nayo kunyumba popanda chilolezo chake ndi mlandu wakuba.